Kusunga vinyo kuno kuchigwa mpaka Disembala

Achemwali, mwati alongo anu akutumizirani mabotolo anayi a vinyo kuchokera ku Cape Town, ndipo mukufuna afike pa chinkhoswe cha mwana wanu mu Disembala, inu muli ku Nchalo m'nyumba yamalata yopanda siling'i. Zitheka, koma choyamba achotseni mu kabati ya pabalaza ija lero lomwe.

Kuno chimene chimawononga vinyo ndi kutentha. Iye amafuna madigiri 12 mpaka 15, pomwe ife masana a Okutobala ndi Novembala timafika 40, mwina kupitirira, ndipo pansi pa malata mukudziwa nokha mmene kumawotchera. Akatenthedwa amafufuma m'botolomo n'kukankha chotsekera. Usiku kukazizirako amabwerera, n'kukokera mpweya mkati. Zikamachitika tsiku ndi tsiku, mpweyawo umamusasitsa pang'onopang'ono. Ine zinandionekera ndili ku Ngabu. Botolo limene ndinasungira bambo anga ndinaliika pafupi ndi zenera kuti alendo azilionako. Patatha miyezi iwiri chotsekera chinali chitatukuka, pakhosi pa botolo pakumata, ndipo titathira m'matambula ankamveka ngati jamu wopserera. Zinandiwawa kwambiri chifukwa madalawo anayenda ulendo wautali kuchokera ku Bangula.

Ngati muli ndi filiji, ikani mmenemo basi. Mumva ena akuti filiji imaumitsa chotsekera. N'zoona botolo likakhalamo nthawi yaitali, koma miyezi itatu si kanthu poyerekeza ndi ng'anjo ya kunjayi. Muike m'munsi, osati pachitseko pamene pamagwedezeka nthawi zonse, ndipo magetsi akazima musamatsegule pafupipafupi. Mbali youmitsa nyama ija ayi: vinyo akaundana amakankha chotsekera, nthawi zina botolo n'kusweka. Pamwamba pa filiji napo ayi, pamatuluka mpweya wotentha.

Ngati filiji palibe, agogo athu anatisiyira nzeru, ndiyo mtsuko. Tengani mtsuko waukulu wadothi, wosapaka penti, muikemo wina wocheperako, pakati pawo muthire mchenga wa kumtsinje n'kuunyowetsa. Mabotolo alowe mu wamkatiwo, pamwamba mufunditse chiguduli chonyowa. Madzi akamatuluka thukuta m'dothimo n'kuuma, amachoka ndi kutentha, monga mmene madzi akumwa amazizirira mumtsuko. Muzithirira m'mawa ndi madzulo, ndipo mtsukowo ukhale pamthunzi podutsa kamphepo, m'chipinda chimene khoma lake silimenyedwa ndi dzuwa la madzulo. Njirayi imagwira bwino nyengo youma ino; mvula ikayamba, mpweya n'kukhala wachinyezi, mphamvu yake imachepa, komabe kusiyana n'kusiya pamtunda. Botolo lililonse mulikulunge mu jumbo kuti pepala la dzina lisamatuke, paja pa chinkhoswe anthu amafuna kuwerenga chimene akumwa.

Ndaona wina pagulu pano walemba kuti mukumbe dzenje mukwirire. Pansi pamaziziradi, sindikana. Koma kuno n'kuchigwa, ndipo amene tinaona madzi osefukira a namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 sitiika chinthu chamtengo wake m'dzenje mvula ili pafupi. Chiswe nachonso katoni sichiisiya.

Yang'ananinso zotsekera. Ngati ndi zofewa zija zochita kuzula, botolo ligone chammbali kuti vinyo azinyowetsa chotsekeracho. Chikauma chimakhwinyata n'kulowetsa mpweya. Mumtsuko mungalipendeketse. Ngati ndi zachitsulo zopotokola, liime chilili, palibe vuto. Kuwala nako mupewe, makamaka kwa vinyo woyera wa m'botolo loonekera mkati.

Mwafunsanso ngati mungasungeko limodzi mpaka ukwati wa chaka chamawa, poti amati vinyo amakoma akakhalitsa. Ine ndikuti musatero. Vinyo wambiri wa m'masitolo amapangidwa kuti amwedwe msanga, ndipo wochepa amene amakoma ndi zaka amagona m'zipinda zapansi zozizira ngati za ku Stellenbosch, dera lopanga vinyo kufupi ndi Cape Town, osati m'mbali mwa Shire. Atsegulidwe onse pa chinkhoswepo, anthu asangalale, alongo anu adzatumizanso.

Tsikulo likafika, vinyo wofiira musamuthire ali wofunda. Amene amati wofiira salowa mu filiji amanena za nyumba za ku Ulaya, kumene m'chipinda mumakhala madigiri 16 kapena 18. Ngati anali mumtsuko, alowe mu filiji kapena m'ndowa ya madzi oundana kwa theka la ola; ngati anali mu filiji, mutulutseni kanthawi kochepa alendo asanakhale pansi. Wotsala mutseke bwino, abwerere pozizira, ndipo athe pasanadutse masiku atatu kapena asanu, apo ayi asanduka viniga wothira mu saladi.