Ndagula malo odzaza lantana, neba akuti ndimulipire ng'ombe yake

Funso la sabata ino lachokera kwa mayi wina amene anapuma pa ntchito chaka chatha. Alemba motere:

"Alangizi, ndinagula malo a mahekitala 8 kumudzi ndi ndalama zanga za penshoni, cholinga ndiziweta ng'ombe zamkaka. Pogula ndinaona zitsamba zamaluwa okongola kumunsi kwake, wogulitsa anati ndi mpanda chabe umene anabzala bambo ake. Pano ndauzidwa kuti ndi lantana ndipo yadya kale mahekitala 3. Neba wanga akuti yalowa mu msipu wake kuchokera kwanga, thole lake lafa, ndimulipire apo ayi tikaonana kukhothi. Ine sindinabzale. Ndikane? Nanga ndikangoyatsa moto zonse zipse? Ndalama zatsala zochepa ndipo ndimafuna ndigulire ng'ombe."

Mayi, pepani ndithu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lantana inachokera ku Central ndi South America, ndipo mayiko ambiri inalowa ndi anthu amene ankaibzala dala ngati maluwa ndi mpanda, ndiye wogulitsa uja sananame kwenikweni, anangosiya kunena mbali inayo. Koma ndiyambe ndi chimene simukufuna kumva: mawu oti "sindinabzale ine" sadzakuthandizani kwambiri. Tsiku limene munasaina mapepala a malowo munagulira limodzi ndi ngongole, ndipo ngongole yake ndi yachiongoladzanja, mvula iliyonse ikagwa imakwera. Ine zitsamba zimenezi ndimaziwerengera choncho, ngati loni imene simunaione pa pepala.

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko koma ambiri amaloza komweko, kwa amene ali ndi malowo lero. Ku South Africa lamulo loteteza zamoyo zachilengedwe la NEMBA la 2004 limapereka udindo kwa mwini malo kuti athane ndi zomera zimene boma linaziika pa mndandanda, lantana ili m'gulu la 1b, lofunika kuchotsedwa, ndipo mukanyalanyaza boma likhoza kukulamulani, mukakanabe limachotsa lokha n'kukubweretserani bilu. Ku Queensland, Australia, lamulo la 2014 limati aliyense achite zimene angathe kuti chomera chotere chisafalikire kuchokera pa malo amene akuyang'anira. Ku Britain kukhala ndi Japanese knotweed, chomera china cholanda malo ngati lantana, pa malo ako si mlandu, mlandu ndi kuilekerera kuti ilowe kwa mnzako. Mu 2018 khothi la apilo kumeneko linagamula kuti kampani ya njanji ya Network Rail ilipire eni nyumba awiri a ku Maesteg ku Wales, chifukwa inkadziwa kuti chomeracho chili m'mbali mwa njanji koma sinachite zokwanira. Choncho pitani ku ofesi ya zaulimi kapena ya zachilengedwe ya dera lanu mukafunse mafunso awiri basi: lantana ili pa mndandanda wa zomera zoletsedwa? Ngati ili, mwini malo ayenera kuchita chiyani? Yankho lake apempheni alembe.

Mwaona mawu oti "inkadziwa" pa mlandu wa njanji uja? Pamenepo ndi pamene pagona nkhani yanu. M'mayiko amene makhothi ake amatsatira malamulo a ku England, sakuimba mlandu chifukwa chomera chinamera, amafunsa kuti unadziwa liti ndipo utadziwa unachitapo chiyani. Neba wanu tsiku limene anabwera kudzadandaula anakuchotserani mwayi woti "sindimadziwa". Kuyambira tsiku limenelo mwezi uliwonse umene mwakhala chete ukulimbitsa mlandu wake.

Za thole lija, musathamangire kulipira, komanso musamuyankhe mwamwano. Lantana imaphadi ng'ombe, imaononga chiwindi, ng'ombe imasiya kudya, maso ndi nkhama zimachita chikasu, khungu la pamphuno ndi malo oyera limatupa n'kumasupuka ikakhala padzuwa, imangofunafuna mthunzi. Funso ndi loti thole lakelo linali ndi zizindikiro zimenezi? Dokotala wa ziweto analiona? Pali pepala? Komanso nthanga za lantana zimayenda ndi mbalame zimene zimadya tizipatso take, ndiye kutsimikiza kuti chitsamba chakuti chinachokera kwa uje si kophweka, pokhapokha zikuoneka ndi maso kuti tchire lanu ladutsa malire n'kupitirira kwake. Iyenso ali ndi udindo pa zimene zamera mbali yake. Ndiye mlandu wakewo si wolimba monga akuuonetsera, koma si wopanda pake. Langizo langa, mulembereni kalata yaifupi, yaulemu, yosavomera mlandu wa thole koma yonena kuti mwamva dandaulo lake ndipo muyamba kulambula m'malire tsiku lakuti, ndipo mumupemphe kuti nayenso achotse mbali yake nthawi yomweyo, chifukwa inu mukachotsa iye n'kusiya, mbalame zomwezo zidzakubwezerani. Ngati pambuyo pake mungagwirizane zomupepesa ndi kenakake, zilembedwe, pakhale mboni, ndipo pepalalo linene kuti nkhani yathera pomwepo. Ndalama yopereka pamanja popanda pepala imabala ina.

Kenako tengani foni muyende malire onse mukujambula, zithunzi zokhala ndi deti. Mbali yanu, mbali yake, pamene tchire lathinana, pamene pali kamodzikamodzi. Malisiti a mankhwala, buku la aganyu, zonse musunge. Tsiku lina mukadzaima pamaso pa woweruza kapena wa boma, umboni wanu ndi umenewo.

Moto ayi mayi, chonde. Lantana ikapsa imaphukiranso pa chitsa, ndipo nthanga zimene zili m'dothi zikaona kuwala zimamera ngati nazale. Koma choopsa kwambiri ndi moto ukadumpha malire. Pamenepo nkhani sikhalanso ya thole limodzi, ndi msipu wonse wa neba, mpanda wake, mwina khola. Ku South Africa lamulo la moto wa m'tchire la 1998 limafika poganiziratu kuti mwini malo amene moto unachokera anali wosasamala, iyeyo ndiye atsimikize kuti ayi, kupatula ngati ali membala wa bungwe la eni malo loteteza moto. Olo kwanuko lamulo likhale lofewa, woti akutengereni kukhothi muli naye kale pakhomo, musamupatse chifukwa chachiwiri.

Tsopano ku bajeti, kumene anthu ambiri amagwera. Bambo wina amene ndinkamuthandiza za ndalama anaika ndalama zonse pa ulendo umodzi, analemba anyamata a zikwanje, masabata awiri malo onse mbee, anajambula zithunzi kutumizira abale. Mvula itagwa chitsa chilichonse chinatulutsa mphukira zisanu kapena kuposa, pakati pake timbande tosawerengeka, pomafika chaka chinacho tchire linali lothinana kuposa kale ndipo m'thumba munalibe kanthu. Kusadza ndi chikwanje chokha ndi kuidulira kuti ikule bwino. Imafuna kuzulidwa ndi mizu dothi likadali lofewa, zikuluzikuluzo kudula pansi penipeni n'kupaka mankhwala pa chitsa nthawi yomweyo, osati kudula mzere wonse kenako n'kubwerera, chitsa chikauma pamwamba mankhwala salowa. Wodula patsogolo, wopaka pambuyo pake phazi ndi phazi. Mankhwala ake akhale ovomerezeka pa lantana, werengani lebulo, ndipo ngati mukupopera musapopere kuli mphepo kapena pafupi ndi mtsinje, mankhwala akaulukira pa mbewu za neba ndi mlandu winanso.

Ndiye ndalama imene mwaika pa ntchitoyi musaithere chaka choyamba. Ine ndimati theka chaka choyamba, theka linalo ligawidwe zaka ziwiri zotsatira, chifukwa kubwereza ndi kumene kumapha lantana, ndipo olo zaka zitatu zikatha mudzafunikabe kumayendera. Poyambira si pamene tchire lathinana, ngakhale ndi pamene pakukupwetekani mtima. Yambani ndi mzere wa m'malire mwa neba, umenewo ukutsekerani mlandu. Kenako tizitsamba tapatalipatali m'mahekitala 5 abwinowo, timeneto n'totchipa kuchotsa lero ndipo ndi timene tidzakhale tchire mawa. Mahekitala 3 aja muziwadya chakumphepete, pang'onopang'ono, gawo limene mukudziwa kuti mukwanitsa kubwererako. Paliponse mwachotsa bzalani udzu wa ziweto msanga, dothi lopanda chomera ndi limene lantana imafuna.

Aganyu musawalipire pa tsiku. Pimani gawo, gwirizanani mtengo wa gawolo, ndipo kachigawo ka malipiro kadikire mpaka mutayendera patatha masabata angapo n'kuona kuti zitsa zafadi. Muwauze zimenezi asanayambe, osati pa tsiku la malipiro.

Ng'ombe zija, gulani zochepa kuposa zimene munakonza, ndipo musanagule tchingani mbali ya lantana. Ng'ombe zobwera kumene, zosaidziwa, komanso zanjala nthawi ya chilimwe msipu utauma ndi zimene zimaidya kwambiri. Kugula ng'ombe zamkaka zodula n'kuzitulutsira pafupi ndi mahekitala 3 a poizoni, ayi, bola ziwiri zamoyo. Ndipo ngati mukuganiza zodzatenga loni ndi malowa ngati chikole, dziwani kuti woyesa mtengo wa malo amawerenga mahekitala ogwira ntchito. Ku Britain mabanki ena safuna n'komwe kupereka ngongole ya nyumba pamene pali knotweed popanda pulani yolembedwa yoichotsera.

Nanga wogulitsa uja? Werengani pangano lanu logulira. Ku South Africa malamulo a 2014 ankafuna kuti wogulitsa malo adziwitse wogula polemba ngati pali zomera za pa mndandanda uja, ku England fomu ya wogulitsa nyumba imafunsa za knotweed mwachindunji. Ngati kwanuko kuli lamulo lotere kapena pangano lanu likunena kuti malowo alibe vuto, kaonaneni ndi loya kamodzi. Koma ndisakunamizeni, zitsambazo munaziona ndi maso anu musanagule, ndiye kunena kuti anakubisirani n'kovuta, ndipo ndalama ya loya ikhoza kuchotsa hekitala yathunthu.

Funso lina lalifupi, lochokera kwa bambo amene akufuna kuchita lendi malo otchipa odzaza mitengo yaminga yolanda malo yotchedwa prosopis kuti aziotcha makala, akufunsa ngati ndi bizinesi yabwino.

Bambo, makala a prosopis ndi abwinodi, ndipo kupanga ndalama ndi zomera zotere si zachilendo, ku Karnataka ku India kuli amisiri amene amapanga mipando ndi lantana. Koma mtengo umenewu si wamasewera. Ku Baringo ku Kenya unabzalidwa kuti uteteze nthaka, unalanda msipu mpaka mu 2006 anthu a mtundu wa Ilchamus anapita ndi mbuzi yopanda mano kukhothi ku Nairobi ngati umboni, zipatso zake zotsekemera zitaiononga mano. Ukaudula umaphukira, ndipo ziweto zimamwaza nthanga zake mu ndowe. Ndiye musanasaine funsani ngati kuotcha ndi kunyamula makala kukufuna chilolezo, ndipo mu pangano la lendi mulembe momveka kuti ntchito yanu ndi kudula basi kapena ndi kupha zitsa, ndani agula mankhwala, komanso boma kapena neba akadzadandaula ayankha ndani, chifukwa malamulo ena amagwira wogwiritsa ntchito malo osati mwini yekha. Ngati mwini malowo akufuna mumusiyire malo oyera, ndiye kuti mukumugwirira ntchito, lendiyo atsitse kapena chaka choyamba musalipire n'komwe.