A malume ako sanachedwe, koma kodi anayamba avomerapo nyimbo za eni ake?

Mdzukulu wanga, uthenga wako ndaumva. Ukuti a malume ako, amene akhala akuseketsa anthu m'zisudzo kuyambira iwe usanabadwe, lero imvi zili mbuu ayamba kulowa m'situdiyo kukajambula nyimbo, ndipo akuti chimbale chituluka mvula isanagwe. Ukuti anzako akutumizirana kakanema kawo pa WhatsApp n'kumaseka. Ndiye ukufunsa ngati n'koyenera kuti ukawauze asiye, poti zoyimba n'za anyamata.

Zokawauza kuti asiyezo uzitaye pomwepo. Mwini mbumba salamulidwa ndi mwana wa mlongo wake, ngakhale mwanayo ataphunzira mpaka ku Chancellor College. Za msinkhu nazonso usataye nazo tulo. A Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu anabadwa mu 1930. Anakwera ndege kukayimba ku America mu 2016 ali ndi zaka 86, ndipo dziko lonse linadzawadziwa pa TikTok atapitirira zaka 90. Amene anakuuza kuti khosi limapuma pantchito limodzi ndi penshoni anakunamiza.

Komanso sindikuona kuti a malume ako asintha ntchito. Ife tikukula, wazisudzo ndi woyimba anali munthu mmodzi. Agogo anga akazi akati "Padangokhala", ife n'kuti "Tili tonse", ankasanduka Kalulu, kenako Fisi wa mawu okhuthala, kenako mwana wamasiye wolira kudambo, ndipo pakati pa nthanoyo pankabwera nyimbo. Iwo ankayambitsa, ife n'kumavomera. Tikavomera mwaulesi ankangoleka, n'kutembenukira kukhoma, amvekere, "Mwagona inu, mawa." Nthano inkathera pomwepo, ngakhale Fisi atatsala pang'ono kugwa m'mbuna. Zoti uyu ndi wa sewero, uyo ndi wa gitala, zinabwera ndi wailesi ndi maholo olipiritsa pakhomo.

Funso limene ukanandifunsa ndi ili: kodi a malumewo, asanayambe kutsogolera nyimbo, anayamba avomerapo za anzawo? Anakhalapo kumbuyo kwa ndani?

Kwathu, bwalo la gule linali ndi khomo lake, ngakhale linalibe mpanda. Mayi akabwera m'mudzi pa chitengwa, kaya kwawo anali katswiri wotani pa chimtali, sankafikira pakati. Ankaima kumapeto kwa mzere, kuomba m'manja ndi kuvomera basi. Dzinja n'kudutsa, anthu n'kukolola, iye akadali kumbuyo komweko, kuphunzira pamene eni mudzi amapumira, pamene amakwezera mawu, ndi nyimbo zimene siziyimbidwa mfumu ili pomwepo. Ndiye tsiku lina, mwina pa chinkhoswe, mayi wamkulu woyambitsa nyimbo ankamukodola ndi chigongono: "Tatiyambitsireni yakwanu timve." Apo m'pamene ankatsegula khosi. Ndipo asanayambe ankanena kaye kumene anaitenga: "Iyi ndi ya azakhali anga a ku Ntcheu." Nthungululu zinkalira asanafike n'pakati pomwe, chifukwa aliyense wovomera anali atamuzolowera kale, anali wawo.

Amuna nawo chimodzimodzi. Ndimakumbukira mkamwini wina, munthu wamkulu ndithu, wa ana asanu, amene anafika ndi mbiri yoti kwawo ng'oma inkalankhula m'manja mwake. Ntchito yoyamba imene anamupatsa inali yotola mapesi ndi kusonkha moto wowambira ng'oma. Ankagwada pamenepo, kutembenuza chikumba cha ng'oma pamoto, kugogoda ndi chala, kumvetsera, kumata phula pakati, n'kukapereka kwa mwini wake ndi manja awiri. Mbalule, ng'oma yotsogolera gule, sanaikhudze msanga. Ndipo palibe ankati akumuzunza. Aliyense ankadziwa kuti wovina akalowa m'bwalo amayamba wafupa oyimba ng'oma asanafupidwe iye, chifukwa wa mbalule ndiye amawerenga mapazi ako. Ukamunyoza amangosintha kamvekedwe pang'ono, iwe phazi lili m'mwamba, bwalo lonse n'kufa nacho chikhakhali.

Mwambo umenewu ndi umene ndikuuona ukutha, ndipo umandiwawa kuposa za masiketi aafupi zimene anzanga amadandaula nazo. Lero munthu akakhala ndi ndalama amalowa m'kachipinda, muli mnyamata mmodzi ndi kompyuta. Ng'oma zili kale m'makinamo, ovomera ndi mawu ako omwe owabwereza kawiri, ukaphonya makina akuwongolera. Ndani angakuuze kuti apa mwathamanga? Pulodyusa walandira kale zake, akudikira wina pakhonde. Sindikunyoza makina ayi, nanenso nyimbo za ku Balaka ndimamvera pa foni. Koma makina sakodola munthu ndi chigongono, ndiponso samubweza kumapeto kwa mzere.

Kwa wazisudzo, ngozi yake ndi yaikulu kuposa kwa wina aliyense, chifukwa anthu amamukonda kale. Ife a nthawi ya Kapalepale ndi Pamajiga pa MBC tikudziwa mmene munthu wa m'sewero amamezera mwini wake. Ankati akatulukira Izeki ndi Jakobo pa nsanja, anthu kuseka asanatsegule n'pakamwa pomwe, ndipo mpaka lero alipo ambiri osadziwa kuti mayina awo enieni anali a John Nyanga ndi a Eric Mabedi. A malume ako akakwera pa nsanja ndi gitala, holo idzadzaza ndithu, koma theka la anthuwo lidzabwera kudzaona munthu wa m'sewero uja. Adzawaombera m'manja ngakhale mawu atasochera, iwo n'kumayesa kuti zayenda. Nthabwala ukaimva kachiwiri yazizira, pamene nyimbo iyenera kupirira kuimva m'minibasi m'mawa ndi madzulo chaka chathunthu. Kapumidwe kake n'kosiyananso. M'sewero ukaiwala mawu umapeka ena, mnzako n'kukuwombola. Ng'oma sidikira kuti ukumbukire.

Mdzukulu wanga wina wokonda makanema anandiuza za mzungu wa ku England, Hugh Laurie, amene anatchuka pa TV ngati dokotala wamwano woyendera ndodo. Chimbale chake choyamba anatulutsa mu 2011 ali ndi zaka 51, ngakhale piyano anayamba ali kamwana. Nyimbo zake zinali za blues, za anthu akuda a ku America, makamaka a ku New Orleans, osati zakwawo. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti anaitana eni gule. Irma Thomas ndi Dr. John anatsogolera nyimbo zina iye ali pambali, ndipo malipenga anawakonza Allen Toussaint. Munthu wotchuka dziko lonse, chimbale chake chomwe, koma anadziwa kuti pali nyimbo zina zofunika kuti iye akhale kumbuyo. Kuno kwathu munaona nokha mu 2020 Patience Namadingo atakhala pambali pa a Chalamanda, kuwasiyira mpata, kumavomera. N'chifukwa chake zinakoma.

Ndiye pali nkhani yotchula mwini nyimbo. Wazisudzo wamkulu ngati a malume ako mutu wake wadzaza ndi nyimbo za kumaliro, za pamtondo, za kuukwati, zimene anazimva ali mwana, ndipo n'kosavuta kuyesa kuti wapeka yekha. Ena amangolemba kuti "yachikhalidwe", ngati kuti inamera yokha kudambo. Nyimbo iliyonse ili ndi amene anaiyamba kapena mudzi umene unaisunga. Ngati kakomedwe ka banjo akatengera kwa a Allan Namoko a ku Thyolo, kapena kakhwatchidwe ka gitala kwa a Daniel Kachamba a ku Chileka, anene poyera. Bungwe la COSOMA lilipo kuyambira 1992 loona za umwini wa nyimbo, ndipo akalembetse zawo kumeneko, koma ulemu umene ndikunenawu ndi wakale kuposa mapepala. Ngati nyimbo anaitenga kwa gogo wina kumudzi, apiteko ndi kankhuku kapena kachitenje, akapemphe. Gogoyo sadzakana. Adzawakonzeranso mawu amene anawaiwala.

Tsono iwe uchite chiyani? Kakanema kaja usakatumizenso kwa wina aliyense, ndipo amene akuseka uwauze kuti awo ndi malume ako. Sindimvetsa ana a masiku ano, mumaseka m'bale wanu pagulu la anthu osawadziwa, pamene kunyumba kwake simunapondeko chaka chino. Pita ukawaone. Usapite chimanjamanja, ndipo usafikire pa nkhani. Alonjere, udye nsima, kenako upemphe kuti akuyimbireko imodzi popanda makina, pakhonde pomwepo. Ukamva pofunika kuvomera, vomera. Akakufunsa maganizo, usati "mukulakwitsa". Ufunse kuti, "Malume, kodi a kwaya aja munkayimba nawo kale anazimvako zimenezi? Nanga akuluakulu a bandi a kuno mwawapezako?" Munthu wamkulu amamva funso lotere, safuna kulimasulira.

Ngati nkhawa yeniyeni ndi ndalama, kuti mwina agulitsa ng'ombe za mbumba kapena munda kuti alipire situdiyo, imeneyo si yako. Ukawauze amayi ako, iwo ndi amene angakhale pansi ndi mlongo wawo, ndipo zikavuta alipo akuluakulu ena a banja. Koma ngati ndi ndalama za thukuta lawo, asiyeni. Amuna ambiri a msinkhu umenewo ndalama zawo zimathera kumowa ndi kumitala, awa asankha gitala.

Tsiku lokhazikitsa chimbale likafika, upite ndi azibale ako, mugule matikiti, musapemphe aulere. Ndipo pofupa, musathamangire onse kwa a malume. Mmodzi wa inu ayambe wapita kwa woyimba ng'oma ndi kwa atsikana ovomera kumbuyo kuja, apereke ndi manja awiri, osati kumwaza ndalama pansi kuti anthu azitola ngati mmene mukuchitira m'maukwati masiku ano. Ukabwerako udzandiuze kuti ovomerawo anali ndani, ndiponso ngati a malume ako anawatchula mayina.