Chifukwa chiyani akatswiri a za miyala amakakumana ku South Africa?

Mtsikana wina amene akuphunzira za miyala wanditumizira imelo. Akuti: "Msonkhano waukulu wa akatswiri a za miyala padziko lonse unachitikira ku Cape Town mu 2016. Kodi anasankhako chifukwa cha mahotela ndi ndege basi, kapena chilipo china?"

Achemwali, mahotela ndi ndege n'zofunika, sindikana. Koma anthu a ntchito yanuyi sakhutira kungokhala pampando n'kumamvera malipoti. Mwala amafuna augwire, augogode ndi hamala, auwone mkati. N'chifukwa chake msonkhanowu, wotchedwa International Geological Congress, umayendera limodzi ndi maulendo okaona miyala, ndipo dziko lokhala ndi zambiri zoonetsa ndilo limakopa. Ku South Africa sikunali koyamba, unachitikirakonso ku Pretoria mu 1929.

Taonani zomwe ali nazo. Mapiri a Barberton Makhonjwa, kufupi ndi malire a Eswatini, ali ndi miyala ya zaka zoposa 3 biliyoni yomwe inasungika bwino moti mumapezeka zizindikiro za tizilombo toyambirira kukhala padziko. Bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wake wa malo ofunika padziko lonse mu 2018. Ku Vredefort kunagwa chimwala chochokera kumwamba zaka pafupifupi 2 biliyoni zapitazo. Akatswiri ambiri amati kugwa kwa chimwalacho kunakankhira pansi miyala ya golide ya Witwatersrand, dera la ku Joni, motero siinakokoloke ndi madzi. Apa ndi pamene nkhaniyi imandikhudza mtima, chifukwa golide ameneyu, amene anapezeka mu 1886, ndi yemwe agogo athu ankakumba atapita ku Joni kudzera ku Wenela. Ambiri anabwerako ndi chifuwa cha fumbi la mumgodi, osadziwa kuti akuswa mwala wakale chotero.

Kulinso dera la Bushveld kumene amakumba platinamu, ndi Kimberley, imene inapatsa dzina mwala wa kimberlite womwe mumapezeka dayamondi.

Koma ine malo amene ndimawakonda ndi aang'ono zedi, ali mu Cape Town momwemo, m'mphepete mwa nyanja ku Sea Point. Pali miyala yakuda yolowererana ndi yotuwa, ngati nsima ya kondowole yomwe sinavundulidwe bwino. Yotuwayo ndi granite, ili ndi timiyala toyera totalika ngati chala cha munthu. Inabwera kuchokera pansi ili yosungunuka ndi kutentha, n'kudzilowetsa m'ming'alu ya yakudayo, mwina n'kunyamula zidutswa zake zomwe zikuonekabe mpaka lero. Charles Darwin anaima pamenepo mu 1836, akatswiri atalimbana kwa zaka zambiri pa nkhani yoti kaya granite inapangika ndi moto kapena madzi. Munthu wotuluka mu holo ya msonkhano atha kukafikako pa nthawi ya nkhomaliro n'kubwerera.

Mukadzapeza mwayi wopitako, achemwali, mukafike nyanja itaphwa, ndipo mukasiye hamala m'chikwama, malowo ndi otetezedwa.