Kwa amayi amene akulemba nkhani ya pachilumba cha odwala khate

Zikomo amayi. Mwati mukulemba nkhani yopeka ya makedzana, ya mtsikana wa kuno ku Chipata amene anakamusiya pachilumba cha odwala khate, ndipo mukufunsa chimene chingachititse kuti owerenga aikhulupirire.

Tiyambe ndi chilumbacho, poti chingakugwetseni pa tsamba loyamba. Kuno kum'mawa kwa Zambia tilibe nyanja, ndipo timichenga ta pakati pa Luangwa timamira dzinja likafika. Odwala akwathu ankapita kumidzi ya amishoni ya pamtunda: ku Mwami kwa a Adventist, kufupi ndi malire a Malawi, kapena ku Nsadzu m'boma la Chadiza kwa a Dutch Reformed. Chipatala chachikulu cha khate cha boma chinali ku Liteta, kutali ndi kuno. Zilumba zenizeni zinali kunja. Ku Robben Island, pafupi ndi Cape Town, kunkakhala odwala khate mpaka 1931, amuna kwaokha akazi kwaokha. Ku Spinalonga, m'mbali mwa Crete ku Greece, anatseka mu 1957. Ku Kalaupapa pa chilumba cha Molokai ku Hawaii anayamba kutayako anthu mu 1866, ndipo lamulo lowatsekera linatha mu 1969. Ngati chilumba mukuchifunadi, chipekeni nokha dzina ndi nyanja yake, mungouza owerenga kuti n'chopeka. Ine ndikadakhala inu ndikadausiya mudziwo pamtunda. Munthu amene kwawo anamuphwanyira mbale yake n'kumumangira kanyumba kuseri kwa mudzi safunikanso madzi omuzinga.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani: sankhani chaka musanalembe chiganizo chimodzi, chifukwa mankhwala a chaka chimenecho ndiwo adzalamula tsogolo la mtsikana wanu. Mukamuika m'zaka za m'ma 1930, tauni ino ndi Fort Jameson, dziko ndi Northern Rhodesia, ndipo mankhwala ndi mafuta a chaulmoogra ochokera ku mbewu za mtengo wa ku Asia. Ankawabaya m'mnofu kapena timadontho timadontho pakhungu lodwalalo. Mafutawo ndi olemera, jekeseni yake yowawa, ndipo nthawi zina pobayapo pankatupa n'kuchita mafinya. Ochira anali ochepa, choncho wolowa m'mudzimo sankawerengera zobwerera kwawo. Mankhwala oyamba ogwira ntchito, Promin, anayesedwa mu 1941 ku Carville ku America, ndipo mapiritsi a dapsone anafalikira m'zaka za m'ma 1950. Pamenepo nkhani imatembenuka: munthu ayamba kuchira, adokotala amuuza kuti apite kwawo, koma kwawoko ndani akumufuna? Dapsone yekha ankamwedwa zaka zambirimbiri, ndipo kachilombo kanayamba kumuzolowera. Mankhwala atatu ophatikiza, rifampicin, dapsone ndi clofazimine, a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO anawavomereza mu 1981. Mukamupatsa mtsikana wa mu 1935 mapiritsi a miyezi 6 kapena 12 monga a lero, namwino aliyense wowerenga adzatseka bukulo.

Tsopano thupi lake. Chonde musalembe kuti zala zinathothoka n'kugwa pansi, khate silichita zimenezo. Kachilombo kake, kamene dokotala Armauer Hansen anakaona ku Bergen m'dziko la Norway mu 1873, kamakula pang'onopang'ono kwambiri. Zizindikiro zimatha kudikira zaka 5, mwina mpaka 20, ndiye mtsikana wanu sangadziwe amene anamupatsira. Chiyambi chake ndi kachigamba kotumbuluka pamsana kapena patsaya, kosayabwa, kosatuluka thukuta. Wachipatala amamuuza kuti atsinzine, n'kumukhudza ndi kathonje. Pakhungu labwino amaloza pamene wakhudzidwa, pachigambapo amangokhala chete. Kenako amamucheka pang'ono kunsonga ya khutu kuti akaone tizilombo pa makina.

Chimene chimawononga ndi dzanzi. Mitsempha ikafa, dzanja silimvanso kutentha kapena kubaya. Muonetseni akuphika nsima: waphula mphika ndi manja osaika chiguduli, akutakasa ndiwo, kenako mnzake ndiye akumva fungo la khungu lopsa n'kukuwa. Iye mwini aona matuza mawa lake. Kumunda, mpini wa khasu umamunyula chikhatho koma iye amalimabe mpaka dzuwa paliwombo, poti palibe chomuuza kuti aleke. Munga ukalowa kuphazi amayenda nawo tsiku lonse. Chilonda chimazama, mafinya amafika pafupa, fupa limadyeka pang'onopang'ono, chala n'kufupika, mwina kachikhadabo n'kutsalira pachitsa chake. Usiku makoswe amatha kumudya zala za kumapazi iye ali m'tulo. Mtsempha wa pachigongono ukawonongeka, zala ziwiri zakumapeto zimapindika osawongokanso, ndiye kumanga chitenje kapena kutola ndalama yachitsulo patebulo kumasanduka ntchito. Phazi limatha kulendewera n'kumakhwekhwereka pansi poyenda. Zikope zikaleka kutsekeka diso limauma, fumbi la mwezi wa October n'kumalizitsa. Ena nsidze zimatha, mphuno n'kuphwa.

Musaiwale kuti ululu uliponso. Pamakhala masiku amene thupi limalimbana ndi matendawo: kutentha thupi, timabuluma tofiira towawa, mitsempha yotupa yoti munthu sagona. Dzanja lingalumale m'masiku ochepa panthawi yotere.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku yosamala mapazi ingakupatseni malo abwino oti anthu anu azichezerapo. Khungu losatuluka thukuta limauma n'kuchita ming'alu, choncho amaviika mapazi m'beseni la madzi mphindi 20 kapena 30, kupala zikundu ndi mwala, kupaka mafuta khungu likadali lonyowa, kenako kuyang'anana mapazi wina ndi mnzake kufuna minga ndi zilonda. Nsapato amazikutumula asanavale. Zokhoma ndi misomali n'zoopsa, msomali ukatulukira mkati mwini wake sadziwa. Ngati nkhani yanu ifika m'zaka za m'ma 1980, dziwani kuti clofazimine amadetsa khungu, ndipo rifampicin amafiiritsa mkodzo tsiku lomwera. Wobisa matenda ake kwa apongozi angagwidwe ndi zimenezi.

Cholakwa china chimene alembi amakonda ndi kudwalitsa aliyense wolowa pachipata. Anthu pafupifupi 95 mwa 100 alionse matupi awo amakana khate mwachibadwa. Limadutsa m'timadontho ta m'mphuno ndi m'kamwa, pokhala nthawi yaitali ndi wodwala amene sanayambe mankhwala. Kupatsana moni wa pamanja sikokwanira. Father Damien, wansembe wa Katolika amene ankasamalira odwala khate, anafika ku Molokai mu 1873 ndipo anamwalira ndi khate mu 1889, koma ogwira ntchito m'malo otere ambiri sanadwale. Anthu a m'nkhani yanu sangadziwe izi. Iwo azinena za kulodzedwa, za themberero la m'banja, mlaliki aziwerenga Levitiko 13 ndi nkhani ya Namani. Asiyeni aziopa, koma inu wolemba musawavomereze.

Mudziwo usakhale wa misozi yokhayokha. Munali minda, mapemphero, mikangano ya mchere ndi nyemba za chakudya chogawidwa, wodwala mnzawo woikidwa ngati nyakwawa, zibwenzi, ngakhale maukwati. Pa ana samalani: ku Kalaupapa makanda ankachotsedwa kwa amayi awo akangobadwa, koma musakopere lamulo limenelo ku Mwami kapena ku Nsadzu musanafunse. Pitani kwa agogo a ku Chadiza ndi a kufupi ndi Mwami, mutenge kasuga m'manja, mukafunse zinthu zing'onozing'ono: ankadyera mbale iti, ankatunga pachitsime chiti, ndani ankamuperekeza panjira ndipo ankabwerera pati, maliro ake ankayenda bwanji. Mawu oti "wakhate" muwaike m'kamwa mwa anthu a m'nkhanimo, poti ndi mmene ankanenera, koma inu pofotokoza muzimutchula mtsikanayo dzina lake. Ndipo mukapeza wina amene anakhalako m'midzi imeneyi, mupemphe chilolezo chake kaye, musinthe dzina ndi mudzi wake musanalembe.