Musatuluke m'nyumbamo achemwali, ine anandichita zomwezo

Achemwali, Lachisanu akunenalo musatuluke m'nyumbamo ndipo makiyi musapatse munthu. Ndawerenga zanuzi, zoti amuna anu anatenga ngongole ndipo eni ndalama akukuopsezani kuti adzalanda nyumba Lachisanu, manja akunjenjemera chifukwa zandikumbutsa zanga. Ngati okuopsezaniwo ndi a katapila, alibe mphamvu yolanda nyumba paokha. Olanda katundu ndi masherifu, ndipo amabwera ndi chikalata chodindidwa cha kukhoti. Ine izi ndinazidziwa madzi atafika kale m'khosi.

Ndinkapikula usipa ku Msaka ndi ku Makawa n'kumakagulitsa ku Limbe. Mu 2023 mpamba unachepa, ndiye ndinatenga K800,000 kwa bambo wina wa katapila pa boma la Mangochi pompano, kuti pakutha pa mwezi ndibweze K1,200,000. Chikole chinali nyumba yanga ya ku M'baluku, ya zipinda zitatu, imene njerwa zake ndinaumba ndekha amuna anga atamwalira. Ananditulutsira pepala la Chingerezi amvekere sainani apa mayi, ndi mwambo chabe. Ndinasaina. November yemweyo kwacha inagwa ndi 44 peresenti, thiransipoti inakwera, nyanja anatseka, usipa wina unandiolera pathandala ndi mvula. Komabe ndinkapereka, lero K100,000, sabata ina K150,000, pamanja, popanda lisiti. Iye ankangolemba m'kope lake, akuti zonsezo ndi chiwongoladzanja, ngongole yeniyeni sinakhudzidwe.

Tsiku lake linali Lachiwiri mu January, kutagwa mvula usiku wonse. Ndinali pambaula kuphika phala kuti ana apite kusukulu. Ndinangomva kalole kaima pakhomo, n'kutsika anyamata anayi, wa katapila uja ali kutsogolo sanatsike n'komwe. Sanaodire. Anayamba ndi matiresi, kuponya m'matope. Kenako mabeseni anga a nsomba, zovala, thumba la chimanga linang'ambika pakhonde nkhuku za eni n'kuyamba kutola. Poto wa phala anamukankha ndi phazi. Chimene sindidzaiwala ndi mwana wanga wamkazi wa Sitandade 8, atavala kale yunifolomu, akutola makope ake m'madzi n'kumawapukuta ndi siketi, osalira, osayankhula. Anthu anadzadza kumpanda kungoyang'ana. Ndinagwada achemwali, ndinagwada m'matope pachitseko cha galimoto kupempha sabata imodzi yokha. Anatsitsa galasi n'kundiponyera fotokope ya pepala lija. Aphunzitsi ena oyandikana nawo ndi amene anandiwerengera. Pepalalo limati ndagulitsa nyumba pa K800,000. Mawu oti ngongole munalibemo ngakhale amodzi. Anakhoma loko watsopano n'kumapita.

Munthu ameneyu mtima alibe. Ankadziwa kuti Chingerezi sindiwerenga bwino, ankadziwa kuti ndine wamasiye, maliro a amuna anga anabwera n'kudya nsima pakhomo pomwepo. Mpaka lero ndikamuona akuwoloka pamlatho pagalimoto yake chifuwa chimanditentha. Ndi angati anawasainitsa mapepala otere? Anyamata ajanso, ana a anthu omwe timawadziwa, kumaponya katundu wa mzimayi woti akanakhala mayi awo chifukwa cha ndalama ya mowa.

Tinakagona kwa achemwali anga ku Mpondasi miyezi iwiri, anthu asanu ndi awiri chipinda chimodzi. Nyumba inabwerera chifukwa amfumu anatiitana pabwalo, anthu awiri n'kuchitira umboni kuti anandiona ndikupereka ndalama, ndipo achimwene anagulitsa injini ya boti tinawonjezera K600,000. Kukhoti sindinapite, ndinkaopa.

Koma inu pitani. Pali lamulo lotchedwa Loans Recovery Act, limalola khoti kuunikanso ngongole ngati chiwongoladzanja chanyanya. Wa loya mulibe, funsani a Legal Aid Bureau, amathandiza osowa ndalama, ndipo khoti likhoza kupereka chiletso. Ngati ngongole ya amuna anuyo ndi ya kubanki kapena mabungwe obwereketsa ndalama aja, nkhani imasinthako. Amene munawapatsa zikalata za malo akhoza kugulitsadi nyumba, koma ayenera kukulemberani kalata kaye ndipo papite miyezi itatu, osati kungoimba foni kuti Lachisanu. Amenewo amawayang'anira ndi a Reserve Bank of Malawi, mukhoza kukadandaula kumeneko.

Musagulitse katundu mwaphuma kuti mumutseke pakamwa wokuopsezaniyo, akaona kuti mwanjenjemera amawonjezera. Musapitenso kukamugwadira. Komabe mukakumane naye lisanafike Lachisanu, mutenge amfumu kapena ankhoswe, mumupatseko kangachepe kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba kuti uthenga ukhale umboni. Pamanja ayi. Pepala lililonse latsopano musasaine, ngakhale anene kuti ndi lokuchepetserani.

Usiku uno afunseni amuna anu akuonetseni chimene anasaina. Mujambule pafoni, mupeze wodziwa Chingerezi akuwerengereni mzere uliwonse, muone ngati palembedwa ngongole kapena kugulitsa. Ngati dzina lanu lili pa malowo koma inu simunasaine, mukanene zimenezo poyambirira penipeni.