Shuga wa m'mawa ali bwino koma HbA1c yakwera, vuto lili pati?

Mayi, mwati m'mawa uliwonse kamakina kanu koyezera shuga kamaonetsa 6 kapena 7, koma kuchipatala HbA1c yatuluka 9, ndipo mukuganiza kuti kamakinako kanawonongeka. Musafulumire kukataya. N'kutheka kuti zonse ziwiri zikunena zoona, kungoti chilichonse chikuyeza zake.

Kamakina kobaya chala kamangokuuzani shuga wa nthawi yomweyo basi. HbA1c imayang'ana m'mbuyo. M'maselo ofiira a magazi muli hemoglobin, yomwe imanyamula mpweya m'thupi, ndipo shuga akamayenda m'magazimo, wina amakakamira pa hemoglobin osachokanso mpaka selolo litafa. Selo lofiira limakhala masiku pafupifupi 120. Ndiye akayeza kuchuluka kwa hemoglobin yomwe yagwidwa ndi shuga, amaona mmene mwakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayi, usana ndi usiku, kuphatikizapo maola onse amene simunayeze. N'chifukwa chake anthu amene amadziletsa kudya kukatsala masiku ochepa kuti akaonane ndi dokotala sapindula kanthu, magazi amaulula ndithu.

Manambalawa asakusokonezeni. 9 wa HbA1c ndi peresenti, si 9 wa pa kamakina ayi. HbA1c ya 7% imatanthauza kuti shuga wanu, mukaphatikiza nthawi zonse, amakhala cha m'ma 8.6 mmol/L (muyezo wa pa kamakina), pomwe ya 9% ndi cha m'ma 11.8. Tsono ngati m'mawa mumapeza 6 kapena 7 koma zonse pamodzi zikuyandikira 12, ndiye kuti pali nthawi ina pa tsiku imene shuga amakwera kwambiri inu osadziwa. Kawirikawiri imakhala mukatha kudya. Kuyeza m'mawa mokha kuli ngati kuona mwana atasamba popita kusukulu n'kumati amakhala woyera choncho tsiku lonse.

Ine ndikanakonda muchite izi kwa masabata awiri. Lekani kuthera timapepala toyezera pa m'mawa pokha. Lero yezani musanadye masana, kenako muyezenso patapita maola awiri. Mawa chitani chimodzimodzi pa chakudya chamadzulo, tsiku lina muyeze pokagona. Lembani m'kabuku nthawi, nambala, zimene mwadya ndi mankhwala amene mwamwa. Kwa akuluakulu ambiri, shuga amayenera kukhala pakati pa 4.4 ndi 7.2 musanadye, ndipo asafike pa 10 patapita maola awiri mutadya. Mukaona 14 kapena 15 akubwerabwera madzulo, mwapeza pomwe pabisala vuto, ndipo dokotala akaona kabukuko adziwa kuti asinthe mankhwala ati, a nthawi yanji. Sambani m'manja ndi kupukuta bwino musanabaye chala, chifukwa chala chogwira zotsekemera chimanamiza nambala. Onaninso deti pa kabotolo ka timapepalato, ndipo muzikatseka mukangotulutsa kamodzi.

Komanso HbA1c nayo imatha kusokonekera. Munthu wochepa magazi chifukwa chosowa ayironi, nambala yake ikhoza kutuluka yokwera kuposa mmene zilili. Amene wataya magazi ambiri posachedwa, wawonjezeredwa magazi, ali ndi sickle cell, ndi woyembekezera kapena impso zake zafooka, nambala yake ndi yosadalirika kwenikweni. Ngati china mwa izi chikukukhudzani, auzeni a dokotala osadikira kuti akufunseni.

Chimene chimandipweteka mtima ndi chakuti munthu wa HbA1c ya 9 amatha kudzimva bwinobwino, akugwira ntchito zake, pomwe timitsempha ting'onoting'ono ta m'maso, mu impso ndi m'mapazi tikuwonongeka mwakachetechete. Pomadzamva dzanzi m'zala za kumapazi kapena kuona mbuu, zaka zimakhala zitapita. Koma kutsitsa nambalayi kumathandizadi. Kafukufuku wa DCCT, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1993, anapeza kuti odwala shuga wa mtundu woyamba amene anamusamala kwambiri anachepetsa ndi 76% chiopsezo choyamba kuwonongeka maso. Ku Britain, kafukufuku wa UKPDS pa odwala mtundu wachiwiri anaonetsa kuti HbA1c ikatsika ndi 1 yokha, mavuto a timitsemphati amachepa ndi 37%. Choncho ngakhale kuchoka pa 9 kufika pa 8 si chinthu chochepa.

Chonde musawonjezere nokha mapiritsi kapena insulin pofuna kuthamangitsa nambala. Shuga akatsika kufika pansi pa 3.9 munthu amanjenjemera, kutuluka thukuta, kuchita chizungulire, mwinanso kukomoka, ndipo ngozi imeneyi ndi ya lero lomwe. Ambiri amauzidwa kuti HbA1c yawo ikhale pansi pa 7%, koma okalamba ndi amene ali ndi matenda ena aakulu nthawi zambiri amawaikira malire omasukirapo, cha m'ma 8%. Malire anu mukambirane ndi amene amakuonani.

Mankhwala akasinthidwa, HbA1c muyezetsenso pakatha miyezi itatu. Ikakhazikika, kawiri pa chaka n'kokwanira. Ndipo poti yakhala ili pa 9, mukapita ulendo uno pemphani akuyezeninso maso, mkodzo wa impso ndi BP, muvulenso nsapato akuoneni mapazi.