Nyimbo zabalalika pa makompyuta awiri ndi pa pleya: muyambire pati?

Wowerenga wina watilembera imelo kuti ali ndi nyimbo pa laputopu, pa kompyuta ya patebulo, pa foni ndi pa kapleya kogwiritsa memory card. Nyimbo zina zikupezeka kawiri katatu, chimbale chimodzi chikuoneka ngati zimbale zisanu, ndipo playlist ikakopedwa ku pleya ikukana kuimba. Akufunsa kuti akonze bwanji.

Gwero la zonsezi ndi loti nyimbo zanu zilibe likulu. Sankhani kompyuta imodzi, sonkhanitsani nyimbo zonse mu foda imodzi, ndipo kukonza kulikonse kuzichitikira pamenepo. Zipangizo zinazo zizingolandira. Mukasintha dzina la nyimbo pa foni lero, mawa n'kulisinthanso pa laputopu, palibe pulogalamu imene ingadziwe kuti lolondola ndi liti.

M'kati mwa fodayo yalani chonchi: woimba, kenako chimbale, kenako fayilo ngati "01 Dzina.mp3". Ziro wakutsogoloyo musamusiye, chifukwa popanda iye mapleya ambiri amaika nyimbo 10 patsogolo pa nyimbo 2. Zizindikiro ngati ? : * ndi / zichotseni m'maina, pakuti khadi limazikana.

Kugawanika kwa chimbale kumachokera ku ma tag, mawu obisika m'fayilo amene pleya imawerenga m'malo mwa dzina la foda. Ngati nyimbo iliyonse ili ndi woimba woitanidwa wosiyana, pleya imaziyesa zimbale zosiyana. Tsegulani chimbalecho mu pulogalamu yokonzera ma tag ngati Mp3tag kapena MusicBrainz Picard, sankhani nyimbo zonse nthawi imodzi, ndipo lembani dzina limodzi pa Album Artist (tag ya mwini chimbale chonse). Onaninso kuti dzina la chimbale likufanana chilembo ndi chilembo. Ngakhale kampata kamodzi kotsala kumapeto kamachigawa. Sungani ma tag a MP3 mu mtundu wotchedwa ID3v2.3, chifukwa mapleya akale ndi mawayilesi ena am'galimoto savomera 2.4. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, koma ndi imene imachiza matenda ambiri.

Pa likulu sungani mafayilo a mtundu wa FLAC ngati mukukopera kuchokera ku CD, chifukwa FLAC sitaya kalikonse pa kamvekedwe ka nyimbo. Ku pleya tumizani MP3. Pa 320 kbps mphindi imodzi imadya pafupifupi 2.4 MB, choncho khadi la 32 GB limanyamula nyimbo za mphindi zinayi zoposa 3,000. Musasandutse MP3 kukhala FLAC: fayilo imangonenepa, mawu otayika sabwerera.

Kukopera ndi manja ndi kumene kumabala nyimbo ziwiriziwiri. Gwiritsani pulogalamu yofananitsa mafoda ya FreeFileSync, kumanzere foda ya ma MP3 ya pa likulu, kumanja khadi, n'kusankha Mirror. Chenjezo: Mirror imafufuta chilichonse cha kumanja chimene kumanzere kulibe, ndiye dinani Compare kaye muwerenge mndandanda musanapitirire. Khadi loposa 32 GB limabwera litafomatidwa mwa mtundu watsopano wa exFAT. Pleya yakale ikaliona ngati lopanda kanthu, lifomateni kukhala mtundu wakale wa FAT32 mutasunga zanu kwina.

Playlist ikukana chifukwa fayilo yake ya m3u yalemba njira yonse yopezera nyimbo, kuyambira C:\Users, imene pa pleya kulibe. Isungeni mu foda yaikulu ya nyimbo ndipo uzani pulogalamu yanu ilembe relative paths, kutanthauza njira zoyambira pamene playlist yasungidwa. Ngati maina ali ndi zilembo ngati ŵ kapena é, sungani ngati m3u8.

Pomaliza, khadi ndi foni si nkhokwe, popeza mukafufuta nyimbo molakwitsa pa likulu, Mirror idzaifufutanso uko. Khalani ndi hard drive yapadera, muziilumikiza pokhapokha mukusunga, kamodzi pamwezi kapena mukawonjezera zimbale zambiri.